Kodi oyang'anira doko la boma tingawaunike motani pa ntchito yawo?

Abale ndi alongo a kuno ku Harare, makamaka inu amene munagwirapo ntchito yotumiza katundu kunja, ndikupempha nzeru zanu. Ndikukonza ndondomeko younikira kagwiridwe ka ntchito ka oyang'anira doko la boma, ndipo chitsanzo changa ndi doko lapamtunda (malo osungira ndi kusamutsira katundu) la Zimbabwe ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia, lomwe linatsegulidwa mu 2019. Kuwerenga makontena okha sikukundikhutiritsa, chifukwa nthawi zambiri katundu amachedwa kaamba ka akasitomu (otolera msonkho wa katundu) kapena eni malole, pamene woyang'anirayo alibe mlandu. Kodi masiku amene kontena imakhala padoko tingawagawe bwanji kuti aliyense ayankhe pa mbali yake yokha? Nanga ku Beira, kumene kampani ya Cornelder imayendetsa doko, amayang'ana zinthu ziti, ndipo amaunika kangati pachaka?