Ndiyale chiyani pansi m'khola la buluzi wa lilime la buluu?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili kuno ku Moatize, ndikuweta buluzi wa lilime la buluu, mtundu wa ku Indonesia uja wofuna chinyezi chambiri kuposa anzake a ku Australia. Vuto ndi dzuwa lathu la kuno ku Tete. Mu Okutobala dothi ndikalinyowetsa m'mawa, pofika masana lauma gwa, moti buluziyu akamafundula khungu lakale likumakanirira ku zala zake.

Utuchi ndi mbwee kwa akalipentala, koma wa paini ndaukana, mafuta ake amavutitsa zokwawa popuma. Mchenga wa ku Zambezi nawo ndikuopa, angaumeze ndi chakudya n'kutsekeka m'mimba.

Kodi makoko a kokonati osakaniza ndi dothi lakuda angasunge chinyezi tsiku lonse? Nanga ndiyale mokhuthala bwanji, poti mkuluyu amakonda kudzikwirira?