Ndithandizeni maganizo pa zophikira anthu ovutika ku tchalitchi

Abale ndithandizeniko nzeru. Ku tchalitchi kwathu timaphikira anthu ovutika Loweruka lililonse, tonse ndi ongodzipereka, koma anthu achuluka moti chakudya chikumatha ena akadali pamzere ndipo otsalira amakhala agogo ndi amayi a ana poti sangalimbane ndi anyamata pokankhana, zimandiwawa kwambiri. Ena akuti tizilemba mayina kapena tizigawa makadi, koma ine ndikuopa kuti munthu wanjala ukamufunsa mafunso ambirimbiri amachita manyazi, ulendo wina sabweranso. Inu amene mumapanga zimenezi mumatani kuti aliyense alandireko? Nanga otengera wodwala amene watsala kunyumba mumawapatsa bwanji, poti chakudya chophika sichifunika kungokhala maola oposa 2 osachitenthetsanso?