Matayala olimba a gymkhana ndi track day pa Golf 5 GTI: ndigule ati?

Chiku_Kempton:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za matayala. Galimoto ndi Golf 5 GTI, malimu a kufakitale a mainchesi 17, matayala 225/45R17, kumiyendo sikunasinthidwe chilichonse. Pulani ya chaka chino ndi gymkhana (mpikisano wokhotakhota pakati pa zizindikiro, galimoto imodziimodzi, powerenga nthawi) kamodzi pamwezi ndi track day (tsiku lothamangitsa galimoto yako pabwalo la mpikisano) zinayi kapena zisanu ku bwalo la Zwartkops, mwina imodzi ku bwalo la Red Star. Matayala wamba a mumsewu akudyeka m'mphepete mwakunja kutsogolo, mpira ukuchita kubenthuka zidutswa pomwe pakati mizere ikadali yakuya. Ndalama ilipo ya seti imodzi yokha, ndipo ndikufuna indifikitse Disembala. Ena akuti Toyo R888R, ena Yokohama A052, ena Nankang NS-2R. Kodi nambala ya treadwear ija, yomwe amati ikakula ndiye kuti tayala limakhalitsa, ndi yodalirika? Nanga seti imodzi ingakwanitse zonse ziwiri?

Madala Nkhoma:

Achimwene, nambala ya treadwear musaiyike kumtima. Imachokera ku muyeso wa ku America wotchedwa UTQG: tayala amaliyendetsa pamsewu wamba ku Texas makilomita pafupifupi 11,500 n'kulifananiza ndi tayala loyesera, koma nambala yolemba pakhoma la tayala amasankha ndi kampani yomwe yalipanga. Mipikisano yambiri ya kumeneko imafuna matayala a 200, ndiye makampani amalemba 200 pa matayala osiyana kutalitali. A052 ndi Hankook Ventus RS4 onse ndi 200, koma pa galimoto yolemera ngati yanuyo RS4 idzakhala ikugwirabe ntchito A052 itaiwalika kalekale.

Chimene chimapha tayala pabwalo ndi kutentha. Apa mpomwe masewera anu awiriwa akukokerana mbali zosiyana. Gymkhana ndi mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mukunyamuka tayala lili lozizira, ndiye pamafunika mpira wogwira pakona yoyamba pomwepo. A052 ndi Bridgestone RE-71RS anawapangira zimenezo. Track day imakhala ndi magawo, gawo lililonse mphindi 15 kapena 20 mosalekeza. Zwartkops ndi yaifupi, makilomita 2.4, makona ali pafupipafupi, tayala silipeza mpata wopuma. Golf 5 GTI imalemera makilogalamu opitirira 1,300, kulemera kochuluka kuli kutsogolo, ndipo matayala awiri omwewo ndi amene akukoka, kukhota ndi kugwira mabuleki. Mukaika mpira wofewa pamenepo masana a Novembala, phula likuotcha, mizungulo itatu yoyamba mudzasangalala, wachinayi galimoto idzayamba kukana kukhota ngati mukuyenda pa sopo. Mukaikakamiza, mpira umasungunuka pamwamba n'kumakulungika timinyololo. Ndiwo moyo wa tayala ukutha mukuona.

Kwa munthu wa seti imodzi, ine ndikuti RS4. Ndi tayala limene a mipikisano yotenga maola ambiri amalikonda chifukwa silitopa ndi kutentha. Mtengo wake mudzalipira pa gymkhana: m'mawa wa Juni kuno ku Joni, chisanu chili mbuu paudzu, ulendo woyamba lidzaterera ndipo anzanu a A052 adzakusiyani pang'ono. Kwa amene akuphunzira, zimenezo si vuto. Tayala losasinthasintha khalidwe ndi limene limakuuzani zoona za mmene mukuyendetsera.

R888R treadwear yake ndi 100, limagwira bwino likatentha, koma limalira kwambiri pamsewu ndipo nthawi zambiri limauma mizere ikadalipo. Nthawi iliyonse tayala likatentha n'kuzizira, mpira umalimba pang'ono, ndiye kuyenda nalo kuntchito tsiku ndi tsiku n'kuwotcha ndalama.

Gondwe_Alayimenti:

Madala anena zoona, koma achimwene a Chiku, mukagula RS4 osakonza miyendo, nalonso lidzatha chimodzimodzi. Kudyeka kwa m'mphepete mwakunja komwe mwafotokozako ndi nkhani ya camber, kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo. Golf 5 imachoka kufakitale ndi camber yochepa kutsogolo, pafupifupi theka la digiri. Pakona galimoto ikapendekeka, tayala lakunja limagonera m'mphepete, kulemera konse n'kutsamira pa kachigawo kotambalala ngati zala zitatu. Kachigawo kameneko n'kamene kakubenthuka.

Mufunika pakati pa -2 ndi -2.5 digiri kutsogolo (minus ndiye kuti pamwamba pa tayala papendekekera mkati), kumbuyo -1.5 ndi yokwana. Musataye ndalama pa mabawuti a camber: pa Golf 5 shoko imalowa m'chibowo cha knuckle (chitsulo chogwira gudumu) n'kumangidwa ndi bawuti imodzi, palibe poti mabawuti amenewo agwire. Njira ndi camber plate (mbale yachitsulo yosinthira camber) pamwamba pa shoko, kapena ball joint (mfundo zolumikiza mwendo) zosunthika pansi. Mukatero toe yakutsogolo, kuloza kwa matayala mkati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba, ikhale pa ziro. Ambiri amanamizira camber kuti imadya tayala mkati, pomwe wakuba weniweni ndi toe yotseguka imene ikukwecha tayala panjira yonse ya N1.

Za mpweya, gulani geji yanuyanu, ya pa filing'i siteshoni musaikhulupirire. Chofunika ndi mpweya tayala lili lotentha. Pabwalo yambani ndi 1.9 kapena 2.0 bar kutsogolo lili lozizira, pitani mizungulo isanu, lowani, yezani nthawi yomweyo musanavule n'chipewa chomwe. Cholinga ndi 2.3 mpaka 2.4 bar. Mudzapeza lakwera ndi 0.4 kapena 0.5, ndipo lakumanzere kutsogolo lidzakwera kuposa onse chifukwa Zwartkops imazungulira chakumanja. Phwetsani lililonse palokha kufika pa nambala yanu, kenako yezaninso pakatha gawo lachiwiri, poti masana akamatentha mpweya umakwerabe. Pa gymkhana n'zosiyana: tayala silitentha mokwanira, choncho yambirani pa 2.4 pomwepo.

Tengani choko, jambulani timizere titatu kuchokera pamizere ya tayala kutsikira pakhoma. Mukabwera onani pomwe choko chafufutikira. Matayala ambiri ali ndi katrayango kakang'ono m'mphepete. Choko chikafufutika kupitirira nsonga yake, tayala likugona, onjezani 0.1 bar. Ngati mnzanu ali ndi choyezera kutentha cha singano, bayani malo atatu: mkati, pakati, kunja. Mkati mukatentha kuposa kunja ndi madigiri 5 mpaka 10, camber ili bwino. Pakati pakaposa mbali zonse ziwiri, mpweya wachuluka.

Musaiwale kupopanso musananyamuke kubwerera kunyumba. Tayala lophwetsedwa lili lotentha limatsika kwambiri likazizira, ndipo kulowa nalo pa R55 lili pa 1.7 n'kuononga khoma lake.

Anaphiri_Randburg:

Ine ndingowonjezera kuti NS-2R musaipeputse ngati thumba lili lopyapyala. Siigwira ngati enawo, koma imapirira, ndipo pophunzira ndi yokwana. Funsani bwino pogula chifukwa imabwera ndi mipira yosiyana. Ya treadwear 180 ndiyo yokhalitsa.

Koma seti imodzi ya zonse, mpaka kuntchito, ine sindikugwirizana nazo. Mvula ya kuno mukuidziwa: Okutobala mpaka Malichi, 4 koloko masana kumwamba kwada bii, mphindi khumi madzi ali thoo pa N3. Matayala amenewa amabwera ndi mizere yosaya kale, akafika theka amayandama pamadzi. Lamulo la South Africa limalola mpaka milimita imodzi, koma pamadzi ngati amenewo tayala lotere likatsika pansi pa mamilimita atatu moyo wanu uli pachiswe. Sakani malimu anayi akale a 5x112 (muyeso wa mabowo a mabawuti) oti muikepo matayala a pabwalo, ngodzaza m'masikirapuyadi chifukwa ma Golf, Jetta ndi Audi ambiri amavala omwewo. Mabawuti mumange pa 120 Nm ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), muwayezenso pakatha gawo loyamba.

Pogula werengani manambala anayi omaliza a DOT pakhoma la tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa. 2322 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2022. Lopitirira zaka ziwiri lili pashelefu likaneni ngakhale atsitse mtengo. A kaunjika ochoka ku magalimoto a mpikisano ndi msampha: mizere imaoneka, koma dinani ndi chikhadabo, mudzamva kuti mpira wauma gwa.

Chiku_Kempton:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndatolapo zambiri. Ndiyamba ndi camber plate ndi malimu, kenako RS4. Funso lotsala: lakumanzere kutsogolo likamatha msanga, ndingalisinthanitse ndi lakumanja?

Madala Nkhoma:

Onani pakhoma la tayala. Likakhala ndi muvi ndi mawu oti Rotation, ngati RS4, limazungulira mbali imodzi yokha, ndiye mumangosinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo mbali yomweyo. Chitani zimenezo nthawi ya nkhomaliro pa track day iliyonse, osadikira kuti lioneke kutha. Likafika theka la moyo wake, pitani nawo onse anayi kwa okonza matayala akawavule pamalimu n'kuwatembenuza, mphepete yomwe inali kunja ilowe mkati, tayalalo lipite mbali ina ya galimoto muvi ukuyang'anabe kutsogolo. Lolembedwa Outside silitembenuzidwa pa limu, koma ilo mungalisamutse kumanzere ndi kumanja mmene lilili.

Akakhala atsopano, atenthetseni pang'onopang'ono gawo limodzi osawakakamiza, kenako apume maola 24 musanawathamangitse zenizeni. Gawo lililonse muzimaliza ndi mzungulo umodzi woyenda mofatsa kuti matayala ndi mabuleki azizire. Kunyumba atsukeni, lembani ndi choko komwe lililonse linali, muwaike m'mapepala akuda a zinyalala n'kumanga, muwasunge mugalaja kutali ndi zenera, jenereta ndi makina owotcherera zitsulo.