Agogo opuma pa ntchito kupita ku ukwati ku Johannesburg pa basi

Mdzukulu_Ndirande:
Akuluakulu, agogo opuma pa ntchito, odwala BP ndi shuga, akufuna kukaona ukwati wa mdzukulu ku Johannesburg. Akonzekere chiyani?

WapaMsewu:
Yambani ndi pasipoti, achimwene. Amalawi amaloledwa masiku 30 ku South Africa popanda viza. Masikuwo akapitirira, amaletsedwa kulowanso kwa nthawi ndithu. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndiye pasipoti ikhale ndi masamba opanda zidindo okwanira. Pa malire a Beitbridge, polowera ku South Africa, mzere umatalika, apemphe kondakitala awathandize.

Namwino_Zomba:
Mankhwala akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi, chifukwa kumeneko simungafikeko pa ulendo. Atenge okwanira ulendo wonse ndi ena a sabata imodzi, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Insulini (mankhwala obaya a shuga) isakhale padzuwa, komanso isagundane ndi ayezi, imawonongeka ikaundana. Maswiti akhale m'thumba: chakudya chikachedwa atamwa kale mankhwala, shuga amatsika, amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Ambiri amapewa madzi poopa chimbudzi, chonde amwe ndithu. Basi ikaima atsike ayendeyende, magazi asaundane m'miyendo.

WapaMsewu:
Mpando ukhale wa m'mbali mwa kanjira ka m'basi, pafupi ndi khomo.