Kodi tipitirize kudalira chimanga kuno ku Chigwa cha Shire?

Alimi anzanga ndi alangizi a zaulimi, ndikupempha nzeru zanu. Kwathu ku Chikwawa mvula yodzalira ikumachedwa, ndipo ikabwera imadula mu Januwale kapena Febuluwale, pamene chimanga chikumasula. M'nyengo ya 2023/24, El Niño atabweretsa ng'amba mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chimanga changa chinkapota masamba dzuwa likaswa mtengo, ngayaye zinauma, ndipo zitsononkho zambiri zinatuluka zopanda maso.

Kodi kutentha pakokha kungalepheretse chimanga kubereka ngakhale m'nthaka muli chinyezi? Nanga inu amene munasinthira ku mapira kapena mchewere, mukukolola matumba angati pa ekala, ndipo mbalame mukuthana nazo bwanji? Kapena mbewu ya chimanga yocha msanga ingakwanire?