Canon yakale kapena Coolpix ya zoom yaitali? Ndithandizeni, ndimajambula ku Nchalo

Akuluakulu muli m'gulu muno, ndigaireni nzeru ndisanataye ndalama. Ndimajambula zinkhoswe, maukwati ndi makwaya kuno ku Nchalo, nthawi zina mpaka ku Ngabu. Kakamera kanga kam'thumba panja kamayesetsa, koma tikalowa m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono nkhope zimatuluka zakuda bii, mkwatibwi akangotembenuka pang'ono chithunzi chachita chimbuuzi. Eni ukwati ayamba kunena kuti bola foni yawo.

Ku Limbe ndapeza ziwiri zogwirapo kale ntchito, mitengo yoyandikana: Canon 600D ya lens ya 18-55, ndi Nikon Coolpix P900. Wogulitsa akundikankhira Coolpix, akuti ndi zoom yake ya 83x ndingajambule mvuu ya ku Elephant Marsh ndili kumtunda. Chabwino, koma mvuu silipira. Chinanso, dzuwa la Okutobala ndi fumbi la pa njinga yamoto, iti ingapirire?

Wa ku Bangula: Achimwene, tengani Canon osacheuka. Mdima wa m'tchalitchi suthetsedwa ndi zoom koma kukula kwa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira kuwala. Ya P900 ndi kakang'ono ngati ka kakamera muli nakoko, pomwe ya 600D ndi yaikulu kuposa kakhumi. Ma megapixel (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi) asakunamizeni, 16 ndi 18 sizisiyana kwenikweni. Mukapeza kangachepe onjezani lens ya 50mm f/1.8, imalowetsa kuwala kwambiri, kungoti m'chipinda chopanikiza mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Coolpix asiyireni oonera mbalame ku Lengwe.

Mayi wa ku Chikwawa Boma: Ndikuvomereza, koma 600D inatuluka 2011, ndiye musangotenga chifukwa thupi likuwala. Auzeni akuonetseni pa kompyuta shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene yajambula kale. Chotsani lens, muunike ndi tochi ya foni. Mukaona tinthu ngati ukonde wa kangaude mkati, ndi nkhungu imeneyo, isiyeni. Kenako bwezerani lens, mujambule khoma loyera pa f/22 (kabowo kolowetsa kuwala katachepetsedwa kwambiri), madontho akuda akatuluka ndiye kuti sensa yadya fumbi, atsitse mtengo. Batire lake ndi LP-E8, gulani lachiwiri, poti tsiku la ukwati magetsi akhoza kuthima m'mawa. Za kutentha, buku lake limati mpaka madigiri 40, ndipo kwathu kuno timadutsa pamenepo. Osaisiya pampando wa njinga padzuwa, ndipo lens muzisinthira m'nyumba, kamera itayang'ana pansi.

Wofunsa: Zikomo amayi, za khoma loyerazo ndikayesa Loweruka. Nanga vidiyo? Ambiri masiku ano akufuna ndi pelekanipelekani yemwe.

Mayi wa ku Chikwawa Boma: Pamenepo ndiye pofooka pake. Pa Full HD imaima yokha pakatha mphindi ngati 12, fayilo ikakwana 4GB, ndipo ikatentha kwambiri imaimanso. Siitsatira yokha anthu ovina, focus muzipotokola ndi dzanja. Pelekanipelekani wa maola atatu mupatseni mnzanu wa kamera ya vidiyo (camcorder), mugawane ndalamayo.