Tigule kalavani yatsopano chaka chino kapena tidikire? Ulendo wa ku Alaska walephereka kachiwiri

NaBanda_SouthBend

Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo ine ndi bambo a kunyumba. Ndikudziwa kuti muno muli ena ogwira ntchito m'mafakitale opanga makalavani (tinyumba tokokedwa ndi galimoto) a ku Elkhart kuno ku Indiana, ndiye chonde mundigawireko nzeru.

Chaka chatha tinakonza zopita ku Alaska pagalimoto. Bambo a ana anga anayamba kalekale kuulakalaka msewu wa Alaska Highway, uja umayambira ku Dawson Creek m'dziko la Canada kukathera ku Delta Junction, mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,400. Banja lina la kutchalitchi linali litavomera kutibwereka kalavani yawo. Kenaka pa 21 March 2020 malire a America ndi Canada anatsekedwa kwa aliyense wongopita kokayenda chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo mwezi uliwonse amangowonjezera masiku. Lero tili mu February 2021, sanatsegulebe. Banja lija linagulitsa kalavani yawo mu July chifukwa linapeza munthu wopereka ndalama zoposa zimene iwo anagulira.

Kumudzinso sitipita. Mwezi wathawu maliro anachuluka kwathu, mpaka nduna ziwiri kumwalira tsiku limodzi, ndipo amayi anga ku Ntcheu anandiuza okha pafoni kuti tisayerekeze kubwera ndi ana. Komanso kuyambira pa 26 January 2021 aliyense wolowa mu America pandege akufunika chikalata chosonyeza kuti alibe kachilombo ka COVID-19. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Nditati ndapezeka nako tili ku Lilongwe nkukanirira komweko, anzanga a usiku angavutike kwambiri.

Ana athu atatu atha chaka chathunthu ali m'nyumba, sukulu pakompyuta, tchalitchi pakompyuta. Wamng'onoyo wayamba kuopa anthu, wina akagogoda pakhomo amathawira kuchipinda. Zimenezi zimandipweteka mtima, ndipo ndikufunitsitsa kuti chilimwe chino atuluke, aone nyanja ndi nkhalango. Kuhotela ndimaopako. Ine katemera ndinabayitsa kuntchito, koma bambo awo ndi ana sanalandire. Kalavani ndaikonda chifukwa chimbudzi nchanu, bedi ndi lanu, nsima mumaphika nokha.

Loweruka tinapita kwa ogulitsa ena. Pabwalo panali makalavani ochepa, ambiri olembedwa kuti agulidwa kale. Imene taikonda ndi ya mafiti 29, ili ndi mabedi osanjikiza a ana, imalemera mapaundi 6,200 yopanda katundu. Akuti tipereke dipoziti ya madola 1,000, atiitanitsire kufakitale, ifika mu May kapena June. Mtengo anakana kutsitsa. Galimoto yathu ndi Ford F-150, ndipo wogulitsayo anati ikoka popanda vuto. Ndalama zimene tinasungira matikiti asanu a ndege opitira kumudzi tingapereke poyamba, zotsalazo ngongole ya zaka 12.

Ndiye ndifunse: tigule panopa kapena tidikire mliri udutse? Nanga ngati Canada satsegula, kuchokera kuno ku Indiana tingalowere kuti ndi ana?

AMbewe_Goshen

Mayi NaBanda, ine ndi mmodzi wa opanga zinthu zimenezi, ndimalumikiza mapaipi a madzi pamzere. Dzina la fakitale yathu ndilisunga, koma zimene ndimaona ndi maso ndikuuzani.

Kumapeto kwa March chaka chatha tinatseka, nkubwerera mu May tikuganiza kuti malonda afa. Zinachitika zosiyana. Chaka cha 2020 chinatha ma RV (makalavani ndi magalimoto ogonamo) opitirira 430,000 atatuluka m'mafakitale, kuposa a mu 2019, chonsecho tinakhala pakhomo mwezi wathunthu ndi kuposerapo. Ochuluka a iwo amapangidwa konkuno, ku Elkhart, Goshen ndi Middlebury. Timalowa ntchito m'bandakucha, ndipo malipiro amatengera kuchuluka kwa makalavani amene atuluka, osati maola amene mwakhala. Mwaona pamene pagona nkhani? Aliyense akuthamanga, antchito atsopano achuluka, zipangizo nazo zikusowa. Sabata ino kulibe mafiriji, sabata yamawa mawindo, nthawi zina ngakhale zimbudzi. Kalavani imatuluka pamzere ikusowa chinthu chimodzi, nkukaimikidwa pabwalo kudikira. Choncho mawu akuti May kapena June musawamangire ulendo. Mukafuna kupereka dipoziti, alembe papepala kuti mtengo susintha, ndiponso kuti ikapanda kufika pa tsiku lakuti adzakubwezerani ndalama zanu. Akakana kulemba, nyamukani.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kulemerako. Wogulitsa akamati galimoto ikoka, amanena za mphamvu yokokera. Imeneyo F-150 ili nayo. Chimene chimayamba kutha ndi mphamvu yonyamula. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pamphuthu pali kapepala kachikasu ndi koyera konena za matayala. Pamenepo analemba kuti anthu ndi katundu pamodzi asapitirire mapaundi akutiakuti. Nambala imeneyo ndi ya galimoto yanuyo, osati ya m'buku la otsatsa malonda.

Tsopano tiwerengere limodzi. Kalavani ya 6,200 yopanda kanthu, mukaikamo mabatire, magasi, mapoto, zofunda, ufa, njinga za ana ndi madzi pang'ono, ifika 7,200 kapena kuposa. Madzi okha galoni imodzi ndi mapaundi 8 ndi kakuti. Kuti isamagwedezeke pamsewu, kutsogolo kwake kumayenera kutsamira pagalimoto ndi mapaundi 10 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwake. Titenge 13, ndiye kuti mapaundi opitirira 900 akhala pamsana pa F-150 yanu. Hitch yogawa kulemera ija, chitsulo cholumikizira kalavani kugalimoto, payokha imayandikira 100. Onjezani inu, abambo ndi ana atatu. Ma F-150 ambiri a zitseko zinayi amene ndawaona kapepala kawo kamanena pakati pa 1,400 ndi 1,900. Muona nokha kuti malo atha musanaike ngakhale mbaula kumbuyo. Ndipo kalavani ya mafiti 29 ikakumana ndi mphepo kapena thiraki yaikulu ikukupitirirani pamsewu waukulu wa Toll Road, woyendetsa amamva ndithu chiwongolero chikufuna kumulanda.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana ya mafiti 22 kapena 23. Za mabedi osanjikiza ziliponso pa msinkhu umenewo. Galimoto ikhalenso ndi brake controller, kachipangizo kolamulira mabuleki a kalavani, chifukwa kalavani ili ndi mabuleki akeake a magetsi.

Tsiku lokatenga musasaine msanga. Auzeni alumikize madzi ndi magetsi, tsegulani mpopi uliwonse, suzumirani pansi pa sinki ndi tochi, yatsani firiji, chitofu ndi chotenthetsera madzi, kwerani pamakwerero muone ngati denga analimata bwino m'mphepete. Chimene mwapeza akonze musanalipire. Mukangoitulutsa pageti mulowa pamzere wa okonzetsa, ndipo mzere umenewo chaka chino ndi wautali, chifukwa zipangizo zimene ife tikusowa iwonso akuzisowa.

Chisale_Indy

Achemwali, a Mbewe anena zoona, koma ine ndipitirira pamenepo: musagule chaka chino. Mukugula nthawi imene aliyense akufuna chinthu chomwecho, pamtengo wosanenerera, ndi ngongole ya zaka 12 pa chinthu chimene chimatsika mtengo chaka chilichonse. Mwana wanu wamkulu adzamaliza koleji inu mukulipirabe. Ndipo ngongole si yokhayo. Pali inshuwalansi, pali malo oimikapo ngati kwanuko salola kuimika pakhomo, ndipo October akafika mumayenera kuchotsa madzi onse m'mapaipi nkuthiramo antifreeze wapinki uja, mankhwala oletsa madzi kuundana, apo ayi chisanu cha ku South Bend chiphulitsa mapaipi.

Bwerekani kaye. Pa mawebusaiti a Outdoorsy kapena RVshare anthu amabwereketsa makalavani awo, ena amakubweretserani mpaka pamalo ogona nkukuimikirani. Mukayenda sabata imodzi mudziwa ngati banja lanu likuukonda moyo umenewu, kuphatikizapo ntchito yokhuthula thanki ya kuchimbudzi, imene ogulitsa saitchula. Ine ndikukhulupirira kuti ambiri amene akugula chifukwa cha mliri adzagulitsa ndege zikayambanso kuyenda bwino. Ndalama za matikitizo zisungeni, amayi ku Ntcheu adzafuna kuona adzukulu.

Gogo_wa_Calgary

Mwana wanga, za Alaska chaka chino ziikeni pambali. Mumva ena akunena kuti ukangouza a pachipata cha malire kuti ukupita ku Alaska amakulola kudutsa m'Canada. Chilolezo chimenecho ndi cha amene akubwerera kwawo, akupita kuntchito kapena kusukulu, osati okaona malo. Kuyambira pa 31 July 2020 anakhwimitsa: olowa amadutsira pa zipata zisanu zokha, amapatsidwa chikwangwani chopachika pagalasi cholembedwa tsiku lotulukira, ndipo saloledwa kupatukira m'mapaki. Kuno ku Alberta apolisi analipiritsa anthu a ku America amene anawapeza akuyenda kupaki ya Banff. Inu muli ndi ana ndiponso mapepala oti muwasamale, musadetse dzina lanu pachipata chifukwa cha holide. Ilipo sitima ya pamadzi yonyamuka ku Bellingham ku Washington imene imanyamula magalimoto mpaka ku Alaska, koma amalipiritsa potengera kutalika, ndiye galimoto ndi kalavani pamodzi mtengo wake ndi woopsa. Komanso abambowo chimene akufuna ndi msewuwo, ndipo msewuwo uli m'Canada. Unamangidwa mu 1942, ukudikirani.

NaJere_GR

Anzanga a NaBanda, pa zogula ndisiyana pang'ono ndi a Chisale. Ife tinagula yakale ya mafiti 21 mu 2018, ndipo chaka chathachi ndi imene inatipulumutsa. Ana akulira m'nyumba, Lachisanu tinkangokoka nkukagona m'mbali mwa Lake Michigan. Ndiye chimene mukuchifunacho ndikuchimvetsa, ndipo nchabwino. Kungoti yakale muigule mwanzeru: pondani pansi ponse kumva ngati pali pofewa, nunkhizani m'makabati, yang'anani madontho a madzi m'makona a denga. Madzi ndiwo amapha kalavani. Matayala onani chaka chimene anapangidwa, manambala anayi omaliza pambali pake amanena sabata ndi chaka. Tayala la kalavani limakalamba lisanathe mapazi.

Kopita musavutike, kwerani kumpoto ku Upper Peninsula ya Michigan. Kuchokera ku South Bend tsiku limodzi mwafika ku Mackinaw City. Mlatho wa Mackinac ndi wa mamailosi asanu, ndipo mizere yapakati ndi yazitsulo zoonekera pansi, galimoto imalira nkumakhala ngati ikuseweraseweretsa. Ndi kalavani gwirani mzere wa kunja, pang'onopang'ono, ndipo kukakhala mphepo yamphamvu imani mudikire, oyang'anira mlathowo amachenjeza. Mukawoloka pitani ku Tahquamenon Falls. Madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa cha mitengo ya m'madambo amene mtsinjewo umadutsamo. Ana anga anakana kuchokako. Kuchoka apo Munising, kukaona matanthwe a Pictured Rocks m'mbali mwa Lake Superior. Madzi a nyanja imeneyo amazizira ngakhale mu July, ana asakhalitsemo. Dziwaninso kuti malo ogona a m'kati mwa Pictured Rocks, monga Twelvemile Beach, alibe magetsi ndipo ndi opanikiza, ndiye apa mpamene kalavani yaing'ono imapambana yaikulu. Mukakhala ndi masiku okwanira pitirirani mpaka ku Porcupine Mountains.

Chofunika changu ndi malo ogona, kuposa kalavaniyo. Mapaki a boma la Michigan amatsegula kusungitsa malo miyezi 6 tsiku lisanafike, chimodzimodzi malo ambiri a pa webusaiti ya boma la America ya Recreation.gov. Kutanthauza kuti a July anayamba kutengedwa mu January, ndipo a August akutengedwa sabata zino. Masiku a pakati pa sabata amapezekako, Lachisanu ndi Loweruka ndiye ovuta. Galimoto idzafunikanso chiphaso cha Recreation Passport cholowera m'mapaki a Michigan, ndipo a kunja kwa Michigan amalipira yokwererapo. June mupeweni ngati mungathe, udzudzu ndi tintchentche takuda toluma timachuluka zedi. August ndiye wabwino.

Ena akuuzani za mapaki a Yellowstone ndi Glacier. Nkokongola, koma nkutali kwa munthu woyamba kukoka, ndipo msewu wa Going-to-the-Sun ku Glacier salola galimoto yotalika kupitirira mafiti 21, kalavani mungaisiye pansi. Kumeneko mudzapita abambo akazolowera kubwerera m'mbuyo ndi kalavani.

NaBanda_SouthBend

Zikomo kwambiri nonse, mwatithandiza. A Mbewe, abambo atuluka ndi tochi usiku womwe uno kukaona kapepala kaja, palembedwa 1,620. Tawerengera monga munanenera, ndipo ife asanu pamodzi ndi hitch ndi kutsogolo kwa kalavani ya mafiti 29 ija tikupitirira malire tisanaike kanthu kumbuyo. Dipoziti sitipereka. Agogo, tamva, Alaska tamusiya kaye. Abambo zawawawa, koma avomera.

A Chisale, ngongole ya zaka 12 tagwirizana nanu kuti ayi, ndipo theka la ndalama za matikiti sitilikhudza. Koma kubwereka kokha sikutikwanira, chifukwa masiku anga opuma amabwera mosayembekezeka, ndipo ndikufuna Lachisanu lililonse limene ndapeza mpata tizitha kungonyamuka, ngakhale kupita pafupi pompa kumapaki a Indiana Dunes kapena Potato Creek. Ndiye tiyang'ana yakale ya mafiti 21 mpaka 23 imene tingalipire ndi theka linalo ndi kangongole kochepa. Ikapanda kupezeka pofika June, ya ulendo wa August tidzabwereka.

A NaJere, ndikufuna kusungitsa malo ku Tahquamenon mawa m'mawa ndikaweruka. Pafomu akufunsa kutalika kwa kalavani, ife tilibe. Ndilembe mafiti 25 kuti pakhale mpata, kapena zimenezo zichepetsa malo amene angandionetse? Ndipo a Mbewe, tikaipeza yakaleyo, mungatiperekeze Loweruka lina mukatiyang'anire mapaipi ndi denga? Mafuta a galimoto ndi nkhomaliro zili kwa ife.